Malo a Mbiri Obisika m'Madera a Mzinda wa Lilongwe

Tikamatchula malo a mbiri mu Lilongwe, ambiri timathamangira ku chiliza cha Kamuzu kapena ku Nyumba ya Malamulo. Komatu mbiri ya mzindawu yagonanso m'madera momwe tikukhala anthu wamba.

Tiyambe ndi manambala. Madera a mu Lilongwe sadapatsidwe manambala potsata kuyandikana kwake, koma potsata nthawi yomwe adakhazikitsidwa. N'chifukwa chake Kawale ndi Area 7 ndipo Biwi ali mu Area 8, kufupi ndi tauni yakale yomwe idakula mozungulira boma la atsamunda la m'chaka cha 1904. Area 23 ndi Area 25 adabwera pambuyo, boma litakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano, lomwe lidasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975. M'madera otere munthu ankapatsidwa puloti, nyumba n'kumanga yekha monga mwa mphamvu zake. Nyumba zing'onozing'ono za nthawiyo zikugwetsedwa imodziimodzi pofuna malo a nyumba za lendi ndi mashopu, ndipo ifeyo sitiziwerengera n'komwe ngati chuma cha mbiri.

Tikadutsa Chinsapo timafika pa Likuni, pomwe ansembe a chipani cha White Fathers adatsekula mishoni mu 1903, boma la Lilongwe lisadakhazikike. Apa ndi pofunika kuimapo. Mu 1949 padatsekulidwa nyumba yosindikiza mabuku ya Likuni Press, yomwe idatulutsa mabuku ochuluka a m'Chichewa pamodzi ndi nyuzipepala ya Odini. Dera lonse la Mpingo lidatchedwa ndi dzina la Likuni kuyambira mu 1951 mpaka mu 1958, ndipo mu 1959 lidasanduka Dayosizi ya Lilongwe. Mzinda udachita kuipeza mishoniyi ili kale pamalo pake. Lero nyumba za Chinsapo zatsala pang'ono kuikumbatira.

Kumpoto, anthu a ku Mgona ndi Area 25 amadzuka akuona nkhokwe zikuluzikulu za ku Kanengo, zomwe zidamangidwa kuti zizisunga matani 180,000 a chimanga podziteteza ku njala. Pafupi pomwepo pali njanji yochokera ku Salima, yomwe idafika mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada. Mgona adakula popanda mapulani m'mphepete mwa mafakitale amenewa, chifukwa ofuna maganyu ankasowa pogona pafupi ndi ntchito.