Kavalo wa Mouzinho ndi mapewa a anthu a ku Macanga

Mu 1975, chaka chimene Mozambique idalandira ufulu, chifanizo chachikulu cha mkuwa chidatsitsidwa pabwalo la pakati pa mzinda wa Lourenço Marques, womwe lero ndi Maputo. Chidali cha msilikali wa Chipwitikizi, Joaquim Mouzinho de Albuquerque, ali neng'a pakavalo wake, ndipo chidaima pamenepo kuyambira 1940. Ameneyu ndiye adagwira mfumu Ngungunhane ya ku Gaza ku Chaimite pa 28 Disembala 1895, kenako mu 1897 adabalalitsa ankhondo a Maguiguane, kazembe wa Ngungunhane, ku Macontene ndi asilikali a pa akavalo. Lero iye ndi kavalo wakeyo ali m'linga lakale la Maputo. Pabwalo paja padaima chifanizo cha Samora Machel, wapansi.

Koma kuno ku Chidzolomondo, ku Macanga, mtsamunda sadatchuke ndi kavalo. Njira yochokera ku Tete inkadutsa m'zigwa zotentha momwe kashembe adali mbwee, ndipo kavalo akalumidwa ankawonda mpaka kufa. Azungu adapeza china chokwera: anthu.

Machila adali chinsalu cholimba chomangirira kumtengo wautali, kawirikawiri nsungwi. Bwana ankagona m'menemo, kansalu kena kakumutchinga dzuwa, amuna atasenza mtengowo pamapewa, anzawo akuthamanga m'mbali kudikira kulandirana. Ankaimba kuti mapazi agwirizane, pakuti mmodzi akaphonya phazi, mtengo unkadya phewa la mnzake. Pokwera zitunda za ku Macanga ndi Tsangano, wakumbuyo ndiye ankaumva mtolo wonse, thukuta lili kamukamu.

Chinsinga, wolamulira Macanga wa m'banja la Pereira, atagonjetsedwa mu 1902, msonkho ndi chibalo zidakhazikika m'midzi. Kunyamula akuluakulu a boma ndi akatundu awo kudali imodzi mwa ntchito zimene asipayi, apolisi a atsamunda, ankagwirira amuna. Machila adayamba kuchepa misewu ndi magalimoto zitafika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti wokwera pakavalo uja, ngakhale adamutsitsa, dzina lake lili m'mabuku ndipo alendo amapita kukamujambula. Onyamulawa mayina awo adatsalira m'mabanja mokhamokha. Agogo amene adamva nkhanizi kwa makolo awo akadalipo m'midzi yathu, ena mwina akukumbukira ndi nyimbo zomwe. Aphunzitsi a ku Furancungo ndi Tsangano atatuma ana asukulu kukakhala nawo pansi ndi kope m'manja, mayinawo angalembedwe chaka chino chomwe.