Zilembo za VVT-i pa msewu wa ku Mandimba

Tsegulani boneti ya Probox kapena Sienta yoima pa chipata cha Mandimba, moyang'anana ndi Chiponde, mudzapeza zilembo VVT-i pamwamba pa injini. Ambiri amaziyesa zokongoletsa chabe.

Injini imapuma ngati munthu. Ma valve amatsegula kuti mpweya ndi petulo zilowe, ena amatulutsa utsi, ndipo amene amawalamula ndi camshaft. Kale camshaft inali ndi mayendedwe amodzi basi. Opanga ankasankha: injini yofatsa yamphamvu pokwera chitunda, kapena yolusa pa liwiro koma yotsokomola ikamayenda pang'onopang'ono. Zonse ziwiri sizinkatheka.

Alfa Romeo ya ku Italy ndiyo inayamba kugulitsa galimoto yosintha nthawi yotsegulira ma valve, Spider ya 1980. Koma phokoso lenileni linabwera mu 1989, Honda itaika VTEC mu Integra. Camshaft yake inali ndi timapewa tating'ono toyendera mofatsa ndi phewa lalikulu la liwiro. Injini ikazungulira kwambiri, oyilo amakankha kachitsulo kolumikiza, ma valve n'kuyamba kutsegula kwambiri. Injini ya malita 1.6 yokha inatulutsa mahosipawa 160, opanda turbo. BMW inatsatira ndi VANOS mu 1992. Toyota inayamba ndi VVT mu 1991, kenako VVT-i, momwe kompyuta imapotoza camshaft pang'onopang'ono malinga ndi phazi la dalaivala.

Chimene chinabadwira anyamata okonda liwiro chinadzakhala cha ife osauka, chifukwa chimapulumutsa petulo. Injini ya Toyota ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, inachilowetsa m'tigalimoto wamba ta ku Japan, ndipo popeza Mozambique ndi Malawi amayenda kumanzere ngati Japan, makaunjika amenewa anatipeza mosavuta. Lero akusenza matumba a chimanga ndi nandolo pa N13, kuchoka ku Cuamba kudzera Mandimba ndi Massangulo wa ku Ngauma mpaka Lichinga.

Vuto lake n'lakuti nzeru yonseyi imayendera oyilo. Mukachoka pa phula kulowa m'misewu ya fumbi, n'kumangothirira oyilo wa m'mabotolo osasintha wakale, kasefa ka solenoid yotumiza oyilo ku camshaft kamatsekeka. Galimoto imagogoda m'mawa poliza, imalemera pa chitunda, nyali ya injini n'kuyaka. Makaniko wozindikira amayamba watsuka kasefako asanakuuzeni zogula injini ina.