Kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa: mbiri ya lamulo la ku America ndi zimene fiqh inanena

Kampani ikachepetsa antchito ku America, ambiri mwa ochotsedwawo amapita kwa maloya ndi funso limodzi: kodi bwana anali ndi mphamvu yondichotsa chonchi? Yankho lake nthawi zambiri limakhala lowawa. M'zigawo zonse za dzikolo, kupatula Montana, ngati pangano la ntchito silinatchule nthawi, bwana akhoza kumuchotsa munthu tsiku lililonse osapereka chifukwa, ndipo wantchito nayenso akhoza kuchoka. Lamuloli amalitcha employment at will. Tikafufuza mbiri yake timapeza kuti si lakalekale, ndiponso kuti linabadwa pa nthawi imene ma ulama a ku Istanbul anali atangomaliza kulemba za nkhani yomweyi mwa njira ina.

America inatengera malamulo ake ku England. Kumeneko, monga momwe William Blackstone analongosolera mu 1765, wantchito wolembedwa popanda kutchula nthawi ankatengedwa ngati walembedwa chaka chathunthu. Chifukwa chake chinali cha ulimi. Sikunali chilungamo kuti mwini munda adye thukuta la munthu nthawi yodzala ndi yokolola, kenako n'kumutaya nthawi yachisanu ntchito itachepa. Komanso wantchito sankayenera kudya za bwana chisanu chonse n'kuthawa ntchito itachuluka.

Mu 1877 loya wa ku Albany, Horace Gay Wood, anatulutsa buku la malamulo a bwana ndi wantchito. M'menemo anati ku America ntchito yosatchula nthawi ikhoza kutha pamene mbali iliyonse yafunira, ndipo wantchito wonena kuti analembedwa chaka chonse ndiye ayenera kubweretsa umboni. Akatswiri a pambuyo pake anaonetsa kuti milandu imene Wood anatsamira sinkagwirizana kwenikweni ndi mfundo yakeyo, koma makhoti anali atailandira kale, poti inkakomera eni mafakitale ndi njanji.

Mlandu wa Payne ndi kampani ya njanji ya Western and Atlantic, mu 1884, ukutionetsa kumene mfundoyi inafika. Payne anali ndi sitolo ku Chattanooga, ndipo kampaniyo inaopseza kuti idzachotsa wantchito aliyense wogula kwa iye. Khoti lalikulu la Tennessee linaikira kumbuyo kampani. Linagamula kuti bwana akhoza kuchotsa antchito ake kaya chifukwa chilipo, kaya palibe, ngakhale chifukwacho chitakhala chosayenera pa chikhalidwe. Mu 1895 khoti lalikulu la New York nalonso linatsatira mfundo ya Wood.

Tsopano tiyang'ane ku Istanbul. Pakati pa 1869 ndi 1876, gulu la ma ulama lotsogozedwa ndi Ahmed Cevdet Pasha linasonkhanitsa malamulo a madhhab a Hanafi m'ndime 1,851, m'buku lotchedwa Majalla. Kulemba munthu ntchito kuli pansi pa mutu wa ijara. Fiqh imasiyanitsa ajir mushtarak, yemwe amagwirira ntchito anthu ambiri monga telala, ndi ajir khass, yemwe wapereka nthawi yake kwa bwana mmodzi. Ndime 425 ikulongosola kuti ajir khass amayenera malipiro ake malinga ngati anali wokonzeka kugwira ntchito pa nthawi imene anagwirizana, ngakhale bwana sanamupatse chochita. Choncho ntchito ikachepa pangano lisanathe, amene amasenza vutolo ndi wolemba ntchito.

Gwero la zimenezi ndi lakale kuposa Majalla. Mu Surah Al-Qasas timawerenga za Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) akulembedwa ntchito ku Madyan: nthawi inatchulidwa, zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kukwanitsa khumi kunasiyidwa m'manja mwa wantchitoyo. Ma ulama a madhhab onse anayi amati ijara ndi pangano lomanga mbali zonse ziwiri, loti mmodzi sangalimasule yekha atangofuna. Imam Bukhari anasunganso hadith yonena kuti Allah adzatsutsana, pa tsiku lachiweruzo, ndi munthu amene anamugwiritsa mnzake ntchito mokwanira koma osamulipira.

Nanga bizinesi ikagwa? Apa ma ulama anasiyana maganizo. A Shafi'i anati vuto lomugwera mmodzi mwa opanganawo silithetsa ijara. Chimene chimaithetsa ndi kuwonongeka kapena chilema cha chinthu chimene anapanganirana. A Hanafi analola kuthetsa pangano pakakhala udhr, ndiko kuti chifukwa chenicheni cholepheretsa kupitiriza. Mabuku awo amatchula wamalonda amene wachita lendi sitolo kenako mpamba n'kumuthera. Majalla imatchula wophika wolembedwa kuti akonze phwando la ukwati pamene mmodzi mwa okwatiranawo wamwalira, komanso wozula mano amene waitanidwa dzino n'kusiya kupweteka. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi, inalola aliyense kuthetsa pangano mwezi watsopano ukamayamba, koma osati pakati pake. Tisanene, tsono, kuti fiqh inaletseratu kuchepetsa antchito. Imene inafuna ndi yakuti pakhale nthawi yodziwika ndi chifukwa choti chikhoza kuyesedwa pamaso pa qadhi.

America inatenga zaka zambiri ikudula nthambi za lamulo la Wood. Lamulo la 1935 linaletsa kuchotsa munthu chifukwa cholowa bungwe la antchito. Mu 1959 khoti la ku California, pa mlandu wa Petermann, linateteza munthu amene anadandaula kuti anachotsedwa atakana kunama pa lumbiro. Lamulo la 1964 linaletsa tsankho la mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera, ndi lakuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. La 1967 limateteza a zaka 40 kupita m'tsogolo. Montana inayamba kufuna chifukwa chomveka mu 1987, ndipo lamulo la WARN la 1988 linalamula makampani a antchito 100 kapena kuposerapo kuchenjeza masiku 60 asanachotse anthu ambiri. Komabe thunthu lidakalipo: wochotsedwa ndiye woyamba kusonyeza kuti mawu oti "tikuchepetsa antchito" akubisa tsankho kapena kubwezera.

Malawi sinatsate njira imeneyo. Inavomereza pangano la ILO nambala 158 la 1982, ndipo Employment Act ya 2000 imafuna chifukwa chovomerezeka munthu asanachotsedwe, chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za ntchitoyo. Msilamu wolemba ena ntchito, kaya ali ku Limbe kaya ku Chicago, ali ndi muyeso wina pamwamba pa malamulo a boma. Atchule nthawi m'pangano, alipire mpaka nthawiyo itakwana, ndipo akamachepetsa antchito atchule chifukwa chimene angathe kuchibwereza pamaso pa Allah. Allah ndiye wodziwa bwino.