Otomotora, Sitima Imene Sinakwere ku Angónia

Lero tikambeko za sitima imene Apwitikizi amati automotora, ife n'kumangoti otomotora. Iyi ndi sitima ya anthu yoyendera dizilo, yopanda mutu wapadera woikoka. Injini imakhala m'chitolole momwemo mokwera anthu, ndipo kawirikawiri woyendetsa ali ndi pokhala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikafika kumapeto, palibe zotembenuza ayi. Bamboyo amangosamukira mbali inayo, ulendo wabwerera. Mafuta simwa ambiri, n'chifukwa chake imayenera maulendo afupiafupi a anthu ochepa.

Nanga bwanji kwathu kuno sitinaione? Yankho lili m'mbiri ya njanji. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu, unatsegulidwa mu 1935. Chaka chomwecho njanji ya ku Nyasaland inafika ku Salima, kudutsa kunsi kwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza, cha ku Golomoti ndi Mtakataka. Mu 1949 ina inafika ku Moatize. Inatsata chiyani? Malasha. Mapiri athu, ngakhale ankabala chimanga, nyemba ndi kachewere, anangowalambalala.

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo inaimitsa njanji ya Sena. Mtendere unabwera mu 1992, koma malasha a ku Moatize anayambanso kutsikira ku Beira mu 2011. Kenaka anamanga ina yochoka ku Moatize, kudzera ku Malawi, kupita ku Nacala. Iyinso inatsata malasha omwewo.

Otomotora zatsopano zinayambira kumwera. Mu 2017 kampani ya Metrobus inayamba kunyamula anthu a ku Maputo ndi Matola pa sitima zakale zochokera ku Auckland, m'dziko la New Zealand. Pambuyo pake a CFM anagulanso zina ku India.

Ndiye taonani, abale. Mlimi wa ku Domwe kapena ku Ulongwe akakolola kachewere, amadalira lole basi. Mwini lole akakweza mtengo, phindu latha. Mvula ikawononga msewu, matumba amaolera pamphepete. Njanji imapita kumene eni ndalama aloza, koma mwana wosalira amafera m'chibereko. Pamisonkhano ya makalabu athu tikambirane zoyendera, ndipo akuluakulu a boma akabwera ku wailesi tiwafunse poyera: mapulani a njanji ndi misewu m'chigawo cha Tete akutiwerengera ife alimi a kumapiri kapena ayi?