Anamwali a Bramley ndi a Hambledon

Anthu ambiri a m'Malawi akamva dzina la kiriketi amakumbukira Azungu ndi Amwenye obvala zoyera, amene ankasewera pa mabwalo osalala a makalabu a ku Zomba, Blantyre ndi Limbe m'masiku a boma la Angerezi. Cifukwa ca ici pali ganizo lakuti kiriketi ndi masewera a anthu olemera, ndiponso a amuna okhaokha. Koma mbiri ya ku England, kumene masewerawa anabadwira, inena zosiyana. Kiriketi anakulira ku midzi, m'manja mwa ana a sukulu, alimi ndi amisiri. Umboni woposa wina uli wonse wa zimenezi ndi tsiku lina la caka ca 1745, pamene anamwali a midzi iwiri anakomana pa dambo kuti aone mudzi wodziwa kusewera.

Kaseweredwe ka masiku aja

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkoyenera kuyamba ndi kaseweredwe kace. Osewera amakhala magulu awiri, gulu liri lonse anthu 11. Pakati pa bwalo amakhoma ziciri pa malo awiri otalikirana mayadi 22, ndiwo muyeso wa unyolo umene oyesa minda ankagwiritsa nchito ku England. Masiku ano ziciri zimakhala zitatu mbali iri yonse, koma m'caka ca 1745 zinali ziwiri zokha, zotalika mainchi 22, ndipo pamwamba pace ankasanjikapo kamtengo kopingasa ka mainchi 6. Zikaimikidwa cotero zinkaoneka ngati kacipata ka khola.

Gulu limodzi limabalalika m'bwalo monse kudikira mpira, ndipo mmodzi wa iwo amauponya kuti agwetse ziciri. A gulu linalo amalowa awiriawiri, wina ku ziciri izi, wina ku izo, kuti azichinjirize ndi ndodo. Womenya akaumenya mpira nupita kutali, iye ndi mnzace amathamanga kusinthana malo, ndipo kusinthana kuli konse kumawerengedwa. Womenya amatuluka ngati mpira wagwetsa ziciri zace, kapena ngati wina wauwakha m'mwamba usanagwe pansi, kapena ngati ziciri zagwetsedwa iye ali pakati pa liwiro. Akatuluka anthu 10, magulu amasinthana nchito.

M'zaka zimenezo mpira ankauponya mokunkhuniza pansi, ndipo ndodo yomenyera inali yokhota kunsonga ngati ngowe. Owerengera sankalemba pa pepala iai. Ankakhala pansi pa udzu ali ndi ndodo ndi mpeni, ndipo pa kusinthana kuli konse ankatema mphini imodzi pa ndodoyo. Motero ngakhale munthu wosadziwa kulemba ankatha kusunga ciwerengero, ndipo ali yense wokayika ankatha kudzawerenga mphinizo ndi cala cace.

Milandu itatu

Mbiri ya anthu wamba kawirikawiri imapezeka m'mabuku a milandu, pakuti mlembi sasamala za mlimi kufikira tsiku limene mlimiyo aima pa bwalo la oweruza. Ndi momwemonso ndi ciyambi ca kiriketi.

Mlandu woyamba unali wa malo. M'caka ca 1598 anthu a mu mzinda wa Guildford, m'cigawo ca Surrey, anatsutsana za kacigawo kena ka nthaka. Mboni imodzi, John Derrick, mkulu wa zaka 59, analumbira kuti pamene anali mwana wa sukulu ya mu mzindamo, iye ndi anzace ankathamanga ndi kusewera kiriketi pa malo omwewo. Mau amenewa ndiwo akale koposa onse ochula masewerawa momveka, ndipo asonyeza kuti pofika zaka za m'ma 1550 kiriketi anali kale masewera a ana.

Mlandu waciwiri usonyeza kuti anawo atakula sanawasiye masewera ao. M'caka ca 1611 amuna awiri a m'mudzi wa Sidlesham, m'cigawo ca Sussex, anajomba ku chalichi tsiku la Sabata napita kukasewera kiriketi. Bwalo la mpingo linawalipiritsa ali yense makobiri 12, ndiyo shileni imodzi.

Mlandu wacitatu unali wa imfa. M'caka ca 1624, pa mudzi wa Horsted Keynes, Jasper Vinall anathamangira kuwakha mpira umene unali m'mwamba. Womenya, pofuna kuti asatuluke, anaponya ndodo kuti aumenye kaciwiri, koma ndodoyo inagwa pa mphumi pa Vinall, amene anamwalira patapita masiku 13. Malamulo a kiriketi amene analembedwa ku London m'caka ca 1744 analetsa kumenya mpira kawiri mwa njira yotere. Lamulo linalembedwa mu mzinda, koma phunziro lace linacokera ku maliro a ku mudzi.

Tsiku la pa Gosden

Bramley ndi mudzi wa m'cigawo ca Surrey, mamailo atatu kumwera kwa Guildford, mzinda womwe uja wa John Derrick. Hambledon ndi mudzi wina wa m'cigawo comweco, kumwera kwa tauni ya Godalming. Pafupi ndi Bramley pali dambo lochedwa Gosden Common. Malo otere anali amene anthu a m'mudzi anali ndi ufulu wodyetsapo ziweto zao. Analibe mpanda, ndipo panalibe munthu woima pa cipata kulandira ndalama.

Pa dambo limeneli, Lacisanu pa 26 July 1745, anamwali 11 a ku Bramley anakomana ndi anamwali 11 a ku Hambledon. Inali nyengo yofunda, pamene dzuwa limacedwa kulowa ndipo tirigu ali kuca m'minda. Onse 22 anabvala zoyera. Kuti oonera asiyanitse midzi, a ku Bramley anamanga ku mutu maliboni obiriwira monga thambo, ndipo a ku Hambledon anamanga ofiira. Eni dambo anapeza mphini 119, alendo anapeza 127. Motero a ku Hambledon anapambana ndi mphini 8 zokha, ndipo anabwerera kwao ndi ulemu umene anaulanda pa khomo pa anzao.

Nkhaniyi inasungidwa ndi nyuzipepala ya mu mzinda wa Reading yochedwa Reading Mercury, ndipo ndiyo nkhani yakale koposa zonse yolembedwa ya akazi osewera kiriketi. Mlembi wace sanachule dzina la namwali ndi mmodzi yemwe. Anawacha ndi maina a midzi yao basi. Koma m'mizere yace yowerengekayo ananena zinthu ziwiri zoyenera kuzilingalira. Coyamba, anati khamu la amuna ndi akazi limene linasonkhana linaposa liri lonse limene linaonekapo pa masewera otere. Caciwiri, anati anamwaliwo anaponya, anamenya, anathamanga ndi kuwakha mpira bwino lomwe monga momwe amuna ambiri akadacitira.

Mau amenewa aulula zambiri. Luso la kuwakha mpira wolimba wacikopa ndi manja okha silibwera m'mawa umodzi. Anamwali amene anasewera cotero anali atazolowera mpira kuyambira ubwana wao, ndipo akulu a m'midzi yao anali kuwaona osawaletsa. Ndiponso mphini zonse pamodzi zinali 246. Munthu akaziwerengera ndi kutalika kwa bwalo, apeza kuti unali mtunda wa pafupifupi mamailo atatu, wothamangidwa pa udzu wa ziweto ndi anthu obvala madiresi aatali. Khamu lija nalonso liri ndi tanthauzo. Lacisanu linali tsiku la nchito, koma anthu anasiya makasu ndi zikwakwa kuti akaone ana ao akazi atanyamula dzina la mudzi. Mudzi supereka dzina lace m'manja mwa munthu amene sumkhulupirira.

Sabata yomweyo kunacitika cinthu cina kumpoto kwa dzikolo. Pa 23 July 1745, masiku atatu anamwali asanasewere, Charles Edward Stuart anakoceza pa cisumbu ca Eriskay ku Scotland, alikufuna kulanda ufumu kwa Mfumu George II. Nkhondo yace inafika mpaka ku Derby, ndipo inathera pa Culloden m'mwezi wa April 1746, kumene ankhondo ace anagonjetsedwa. Mabuku a mbiri adzaza masamba ambiri ndi nkhondo imeneyo, pamene za pa Gosden zinalembedwa m'mizere yocepa. Komabe nkhondoyo inatha osabala ufumu, pamene cimene cinaoneka pa dambo lija cinamera ndi kufalikira kutali.

Masewera apita ku London

Pa nthawi imeneyo anthu olemera anali atayamba kale kulowerera m'masewera a ku midzi. Akulu a dziko, monga Duke wa ku Richmond amene ankathandiza gulu la mudzi wa Slindon, ankalemba nchito odziwa kusewera ndi kubecherana ndalama zambiri pa iwo. Masewera a akazi naonso anakopa obecha. M'midzi ya ku Surrey, Sussex ndi Hampshire akazi ankasewera mudzi ndi mudzi, kapena okwatiwa ndi osakwatiwa, ndipo mphotho inkakhala mbiya ya mowa kapena zobvala za m'manja.

M'mwezi wa July 1747 akazi a midzi ya ku Sussex, a ku Charlton mbali imodzi ndi a ku Westdean ndi Chilgrove mbali ina, anatengedwa kukasewera ku London pa bwalo la Artillery Ground. Kumeneko khamu linasefukira m'bwalo, masewera anaima, ndipo anacita kudzapitirizidwa m'mawa mwace. Pa Gosden oonera anali abale ndi anansi a osewera. Ku London anali alendo odzaona zacilendo. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphamvu ya midzi sinathe msanga. Kuli mudzi winanso wochedwa Hambledon, m'cigawo ca Hampshire, wosiyana ndi wa anamwali aja. Gulu la amuna la kumeneko, limene linkasewera pa citunda ca Broadhalfpenny Down mothandizidwa ndi ndalama za olemera, linachuka m'zaka za m'ma 1770. Mtsogoleri wace, Richard Nyren, anali mwini nyumba ya alendo. Womenya wace wodziwika, John Small, anayamba ngati wosoka nsapato. M'caka ca 1777 gulu limeneli linagonjetsa osankhidwa a England yense. Koma m'caka ca 1787 akulu a ku London anakhazika kalabu yao ya Marylebone, pa bwalo la Thomas Lord, ndipo kuyambira pamenepo malamulo a kiriketi anali m'manja mwao. Kalabu imeneyi inali ya amuna okhaokha.

Madzi saiwala khwawa

Cimene midzi iwiri ya ku Surrey inaciona ngati coyenera m'caka ca 1745, akulu a ku London anacedwa naco zaka zambiri. Akazi a England ndi a Australia anasewera masewera ao oyamba a maiko awiri ku Brisbane m'caka ca 1934. M'caka ca 1973 akazi anacita mpikisano wa cikho ca dziko lonse lapansi, zaka ziwiri amuna asanayambe wao. Koma pa bwalo la Lord's, likulu la kiriketi, akazi analoledwa kusewera koyamba m'caka ca 1976, patapita zaka 231 cicitikire ca masewera a pa Gosden. Kalabu ya Marylebone inabvomera kulandira akazi monga ziwalo zace m'caka ca 1998.

Midzi nayonso inafika pa bwalo lomwelo. M'caka ca 1972 unayamba mpikisano wa magulu a midzi okhaokha, umene masewera ace otsiriza anaikidwa pa Lord's. Oyamba kupambana anali a mudzi wa Troon, m'cigawo ca Cornwall, ndipo m'caka ca 1985 cikho cinapita ku mudzi wa Freuchie ku Scotland. Osewera m'magulu otere ndi anthu a nchito zao, osalipidwa kanthu, amene amachecha okha udzu wa bwalo lao, ndipo pakati pa masewera amakhala pansi kumwa tiyi pamodzi ndi amene akulimbana nao.

Nkhani ya anamwali a Bramley ndi a Hambledon iphunzitsa kuti masewera sayamba ndi bwalo losalala kapena nyumba ya kalabu. Zimene zinafunika pa Gosden zinali dambo lopanda mpanda, ziciri zinai, mpira, ndodo yotemapo mphini, ndi midzi iwiri yobvomerezana kumvera lamulo limodzi ndi kulandira ciwerengero monga ciri. Mudzi umene uli ndi zinthu zimenezi, ndipo ulola ana ace onse kusewera, aamuna ndi aakazi omwe, uli naco conse cimene anamwali aja anali naco. Maina ao sanalembedwe, koma mphini zao, 119 ndi 127, zikali kuwerengedwa.