Kudontha kwa magetsi mu capacitor

Kudontha kwa magetsi mu capacitor ndi kuyenda kwa magetsi ochepa kwambiri kudutsa mu dielectric, chinthu chotchinga magetsi chomwe chimalekanitsa mbali ziwiri za capacitor. Palibe dielectric yotchinga kotheratu, choncho capacitor yodzazidwa ikasiyidwa payokha magetsi ake amatha pang'onopang'ono. M'zipangizo zambiri izi sizivuta, koma mu circuit yowerengera nthawi yaitali kapena m'kachipangizo koyenera kutha zaka ndi batire limodzi, kudonthaku kumasokoneza nthawi kapena kutha batire msanga.

Kuchuluka kwake

Ma capacitor a aluminium electrolytic amadontha kwambiri kuposa a pulasitiki monga polypropylene. Opanga ambiri amalemba malire a 0.01CV kapena 3 µA, chomwe chakula pa ziwirizi, poyeza patatha mphindi 2 pa 20 °C. Apa C ali mu µF ndipo V ali mu ma volt. Motero capacitor ya 1000 µF ndi 25 V imaloledwa kudontha mpaka 250 µA. Awa ndi malire chabe: capacitor yabwinobwino ikakhala pa magetsi maola angapo imadontha mochepera kutali. Kutentha ndi voltage zikakwera, kudontha kumakweranso.

Kayezedwe

Njira yodziwika ndi kulumikiza capacitor ku voltage yokhazikika kudzera mu resistor, kudikira, kenako kuyeza voltage ya pa resistor ndi kuigawa ndi ma ohm ake. Chovuta ndi kudikirako. Capacitor ikaoneka ngati yadzaza, dielectric imapitiriza kuyamwa magetsi kwa mphindi kapena maola, ndipo woyeza mofulumira amawerengera magetsi oyamwidwawo ngati odontha. Electrolytic yomwe yakhalitsa osagwiritsidwa ntchito imadonthanso kwambiri poyamba, mpaka oxide ya mkati mwake itakonzekanso.

Ena amadzaza capacitor n'kuona mmene voltage ikutsikira. Koma multimeter wamba imakhala ndi 10 MΩ mkati mwake, ndipo ikasiyidwa yolumikizidwa pa capacitor ya pulasitiki, magetsi ambiri amathera mu mita momwemo.

Pa kompyuta

Mu SPICE, pulogalamu yoyeserera ma circuit yomwe inatuluka ku University of California, Berkeley mu 1973, capacitor wamba sidontha n'komwe. Wofuna kudontha amawonjezera resistor yolumikiza miyendo iwiri ya capacitor. Mu LTspice muli kale malo ake, otchedwa Rpar. Kukula kwa resistor kumapezeka pogawa voltage ndi magetsi odontha: 25 V ndi 250 µA zimapereka 100 kΩ.

Resistor imodziyi imanena zoona pa voltage imodzi, kutentha kumodzi ndi nthawi imodzi basi. Ikachokera pa malire a wopanga, kompyuta imaonetsa capacitor ya 1000 µF itataya pafupifupi 63 peresenti ya voltage yake m'masekondi 100, pamene yeniyeni imasunga magetsi nthawi yaitali kuposa pamenepo. Pofuna kuonetsa kuyamwa kwa dielectric, amawonjezera nthambi zingapo, iliyonse ya resistor wamkulu ndi capacitor yaing'ono zotsatizana.