Mlatho wa Kafue ndi mbiri ya array mu JavaScript

Mlatho wa njanji pa mtsinje wa Kafue ku Zambia unamangidwa mu 1906, ndipo uli ndi zigawo 13, chilichonse chotalika mamita 33. Mnyamata kapena mtsikana wa m'tauni ya Kafue amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pa intaneti akafuna kusunga miyezo imeneyi, amaindandalika mu array, mndandanda umene chinthu chilichonse chimakhala ndi nambala ya malo ake. Chigawo choyamba chimakhala 0, chomaliza 12.

Kuyambira pa 0 sikunali kwa aliyense. Fortran, imene IBM inatulutsa mu 1957, inkayambira pa 1. Chizolowezi cha 0 chinafala ndi chinenero cha C, cha Dennis Ritchie, cha mu 1972, ndipo JavaScript inatengera komweko.

Intaneti inafika mu Zambia mu Novembala 1994 kudzera ku ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia ku Lusaka. Patangopita miyezi yochepa, mu Meyi 1995, Brendan Eich wa kampani ya Netscape ku America analemba JavaScript yoyamba m'masiku khumi okha. Liwiro limenelo linasiya zipsera. Mu 1996, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ya Netscape Navigator 3 inabwera ndi new Array, ndipo msampha wake ulipobe lero. Munthu akalemba new Array(33, 33) amapeza manambala awiri, monga amayembekezera. Koma akalemba new Array(13) sapeza nambala 13 ayi. Amapeza malo 13 opanda kanthu. Pulogalamu sidandaula, imangopitirira, cholakwacho n'kudzaonekera patsogolo, wolembayo atatuluka thukuta pochifunafuna.

Njira yachidule, yongolemba [33, 33, 33], inafika mu 1997, ndipo ndi imene aphunzitsi ambiri amalimbikitsa. Mu 2015 munawonjezedwa Array.of, Array.from ndi fill. Tsopano Array.of(13) imasunga nambala 13 yeniyeniyo, pamene new Array(13).fill(33) imadzaza zigawo zonse za mlatho uja pa mzere umodzi.

Nanga bwanji osangochotsa msamphawo? Komiti ya TC39, imene imayang'anira chinenerochi pansi pa bungwe la Ecma International, imakana kusintha chilichonse chimene chingawononge masamba akale. Apa komitiyi imachita bwino. Sukulu, tchalitchi kapena kabizinesi kamene kanalipira kamodzi kuti kakhale ndi tsamba sikangapeze ndalama zolembetsanso chaka ndi chaka.

Mfundoyi inayesedwa mu 2018. Njira yatsopano ya array yotchedwa flatten itaikidwa mu Firefox yoyeserera, pulogalamu ina yotsegulira masamba, masamba ogwiritsa ntchito laibulale ya JavaScript ya MooTools yakale anasokonekera. Panali mkangano waukulu, koma komitiyo inagonjera masamba akalewo n'kusintha dzinalo kukhala flat, ndipo linalowa m'malamulo a chinenerochi mu 2019.